Ku America wogula mfuti ndiye amaiyesa

Pa kosi ya zamalonda teremu ino atiuza kuti aliyense asankhe katundu mmodzi n'kufufuza zomwe ogula amanena pa katsatsidwe kake. Anzanga athamangira mafoni ndi zakumwa. Ine ndatenga mfuti za ku America, poti kumeneko zimagulitsidwa m'sitolo, ndipo ozigula sasunga mawu m'kamwa.

Mitundu yambiri yatsopano imaonekera mu Januwale ku Las Vegas, pa chionetsero cha SHOT Show. Munthu wamba salowako, ndi cha opanga, ogulitsa ndi atolankhani basi, koma dzuwa lisanalowe mavidiyo amakhala atadzaza kale pa YouTube. Chonsecho ogula akalekale amalangizana kuti mfuti yongotuluka kumene osaigula, kudikira kaye chaka chithe. Amati wogula woyamba amayesera kampani katundu wake, ndalama n'kulipiranso yekha.

Sanena izi popanda chifukwa. Mu 2014 kampani ya Remington inatulutsa mfuti yaing'ono ya R51, olemba ena m'magazini a mfuti n'kuiyamikira. Itafika kwa ogula, madandaulo anangoti mbwee: zipolopolo kukanirira, zitsulo kusayenda bwino. Chaka chomwecho kampani inasiya kuigulitsa, ndipo yokonzedwayo inadzabwera mu 2016. Chomwe chinandikoka mtima n'chakuti mkwiyo wambiri unagwera olembawo. Ogula ankafunsa kuti munthu woyesa mfuti yomwe kampani yam'tumizira, m'magazini yodalira malonda a kampani yomweyo, anganene zoipa bwanji?

Nayo kampani ya SIG Sauer inakumana nazo. Mu Januwale 2017 asilikali a America anasankha mfuti yopangidwa kuchokera ku mfuti yake yotchedwa P320, ndipo kwa wotsatsa palibenso umboni woposa umenewo. Pofika Ogasiti, mavidiyo anaonetsa kuti P320 yogulitsidwa kwa anthu wamba imatha kuwomba yokha ikagwa pansi mopendekeka mwa mtundu wina. Kampani sinaiitanitse monga katundu wolakwika. Inangoti wofuna atumize yake akam'sinthire zitsulo mwaulere.

Apa m'pamene ndinapeza gwero la nkhani yonse. Bungwe la boma loona kuti katundu asavulaze anthu, Consumer Product Safety Commission, likhoza kuchotsa pamsika chidole cha mwana kapena njinga yolakwika. Koma kuyambira zaka za m'ma 1970 lamulo sililola bungweli kukhudza mfuti. Ndiye mfuti ikakhala ndi vuto, zoibweza kapena ayi zili m'manja mwa mwini kampani, ndipo amene amam'kakamiza ndi ogula okha, kudzera m'mavidiyo, phokoso ndi makhoti.

Pa mawu otsatsira ogula sagwirizana. Malonda a mfuti ya Bushmaster ankauza wogula kuti akaigula ndiye kuti umuna wake wabwerera. Ena ankangoseka, ena ankaona kuti n'zochititsa manyazi. Mfuti ya mtundu umenewu ndi yomwe inapha ana 20 ndi akulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook mu 2012. Mabanja ena anasumira Remington, mwini Bushmaster, pa katsatsidwe kameneka, ndipo mu 2022 mlandu unatha pogwirizana ndalama zokwana madola 73 miliyoni.

Mu lipoti langa ndalemba kuti ogula amenewa mphamvu ali nazo, koma chomwe sakhululuka kwenikweni ndi ndale, osati zitsulo zolakwika. P320 inapitirira kugulidwa. Pomwe kampani ya mfuti ya Smith & Wesson itasaina mgwirizano ndi boma la Pulezidenti Bill Clinton mu 2000, wovomera maloko pa mfuti ndi malamulo ena a kagulitsidwe, eni mfuti anainyanyala koopsa. Kampani ya ku Britain ya Tomkins, yomwe inagula Smith & Wesson pa madola 112 miliyoni mu 1987, inaigulitsa mu 2001 pa madola 15 miliyoni okha.