Mmene ndinaboolera bokosi la chitsulo ndi step bit pa impact driver

Chaka cha 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba malaiti ankapita nthawi yaitali maningi, ndiye ife kuno ku Mtendere mu Lusaka tinangoti basi tigule inveta ndi mabatire kuti ana aziwerenga usiku komanso ndiwo zisamaonongeke mu fuliji. Mabatire aja ndinawapangitsira bokosi la chitsulo loti lizikhala pakhonde, koma ntchito inadzaima pa mabowo. Mawaya akuluakulu amayenera kudutsa mu gland ya M20, ija ya pulasitiki yogwira waya kuti isamakhulane ndi chitsulo, ndipo gland imeneyo imafuna bowo la 20mm. Mabowo anayi. Ine dirilo ndilibe, chomwe ndili nacho ndi impact driver imene ndimamangira masikuluu pa malata, ndipo kugula dirilo chifukwa cha mabowo anayi chabe mtima unakana.

Ndinapita kwa mdala wina wowotcherera ku Kalingalinga, pa Alick Nkhata Road paja pomwe mageti amayalidwa m'mbali mwa msewu, ndi iwowo amene anandipangira bokosilo. Anandionetsa step bit, kabiti (kachitsulo koboolera) kooneka ngati nsonga ya chinangwa kokhala ndi masitepe, sitepe iliyonse saizi yake. Anati "mwana wanga, ichi chimadya lata bwino kuposa mabiti wamba, koma makina akowo ndi aukali, chala chako ndiye chikhale chofatsa." Tsiku limenelo mawuwo sindinawamvetse bwino.

Pogula ku Kamwala ndinalakwitsa koyamba, ndinatenga ya mchira wozungulira. Impact ilibe chuck, kukamwa kuja komanga biti ngati pa dirilo, ili ndi kabowo ka makona sikisi (hex) ka 1/4 inchi, ndiye biti imene ilibe mchira wa hex komanso kamzere kaja kokolera siilowa ngakhale mutani. Ndinabwereranso kukasintha, ndinatenga ya 4mm mpaka 32mm, masitepe ake amakwera ndi 2mm, yagolide ija yopakidwa titanium. Ngati mwapeza yolembedwa kuti ndi ya impact tengani imeneyo ngakhale ikudulako, chifukwa imapangidwa kuti izipirira kumenya. Mtundu wagolide pawokha sutanthauza kuti biti ndi yolimba, ndi utoto wakunja chabe, chitsulo chamkati ndiye nkhani.

Ndinayamba kuyesera pa kachidutswa ka lata kotsala, ndipo ndikuthokoza kuti ndinatero. Ndinafinya batani mpaka pansi ngati mmene ndimachitira pomanga sikuluu. Masitepe atatu oyamba anadutsa ngati mpeni mu papaya, koma pofika cha pa 12mm makina anayamba ta-ta-ta-ta, utsi fuu, tizidutswa ta chitsulo tikutuluka ta buluu, bowo linatuluka lopindika komanso lata inandizungulira m'manja pang'ono kundicheka chala. Sitepe imodzi ya biti inada pomwepo.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Mkati mwa impact muli kahamala ndi sipuling'i, ikamazungulira popanda chovuta imayenda ngati dirilo wamba, koma ikangomva kulimba kahamala kaja kamayamba kumenya mozungulira. Pa sikuluu zimenezo ndi zabwino. Pa step bit, sitepe ikamakula m'mphepete mwake mumadula chitsulo chambiri, ndiye kulimba kumakwera ndipo kumenya kumayamba, ndi kumenyako komwe kumabenthula kukamwa kwa biti. Chachiwiri ndi liwiro. Ma impact ambiri ukafinya kwambiri amafika cha m'ma 3000 rpm, ndiko kuti kuzungulira ka 3000 pa mphindi, pomwe bowo la 20mm pa chitsulo chofewa limafuna cha m'ma 400 kapena 500. Biti ikakula, kunja kwake kumathamanga kwambiri ngakhale makina akuzungulira chimodzimodzi, ndiye kutentha kumabwera msanga ndipo biti ikapsa yapsa, siibwereranso.

Manje pa bokosi lenilenilo ndinachita mosiyana. Ndinachotsa zonse zamkati, mabatire kutali, chifukwa kachidutswa kamodzi ka chitsulo kakagwera pa ma terminal, mitu ija ya batire, ndi moto umenewo. Ndinayeza malo a ma gland, ndikusiya mpata woti nati ya mkati izizungulira osagundana ndi inzake, anthu ambiri amaiwala pamenepo n'kudzaona kuti ma gland awiri sakukwana moyandikana. Kenako panchi ndi hamala, kadzenje kakang'ono pakati pa chizindikiro chilichonse. Musadumphe zimenezi chonde. Biti mu impact imagwedera pang'ono chifukwa hex simagwira zolimba ngati chuck, popanda kadzenje ija imayendayenda pa penti n'kukanda bokosi lonse. Kuseri ndinaika thabwa n'kumanga ndi G-clamp ziwiri pa tebulo kuti lata isapindike komanso isazungulire.

Pa biti ndinapaka marker yakuda kuzungulira sitepe ya 22mm, kuti ndikaona yakudayo ikuyandikira lata ndidziwe kuti ndafika. Manambala olembedwa pa biti saoneka ikamazungulira, ndipo mukadutsitsa sitepe imodzi chabe gland imangogwedera m'bowo, madzi a mvula amalowa.

Makina ndinawaika pa giya yoyamba, dontho la oyilo pa nsonga. Cutting oil ndiye woyenera, ine ndinalibe ndinagwiritsa oyilo wa injini watsopano ndipo pa lata yopyapyala anagwira ntchito. Magalasi m'maso. Ndiye kufinya pang'ono chabe, kukankha ndi mphamvu yokhazikika, biti ikuzungulira moti ukutha kuiona. Sitepe ikadutsa umamva kagwedezeko kakuti "tu", pamenepo ndimasiya batani, dontho lina la oyilo, n'kupitanso. Khutu ndi lomwe linanditsogolera kwambiri. Ikamalira mofewa tizidutswa tikutuluka topiringizika toyera, zili bwino. Ikangoyamba ta-ta-ta ndimachepetsa kukankha, osati kuwonjezera, chifukwa thupi limafuna kukankha kwambiri ukamva yalimba koma ndi pamene umaipha biti. Kuyambira pa 14mm kupita m'mwamba kumenya kunkabwerabe apo ndi apo, sikungatheretu, koma kamodzikamodzi pa lata yopyapyala biti inapirira. Apa ndi pamene ndinamvetsa zomwe mdala uja ankanena za chala.

Chinthu chimodzi chomwe ndinachikonda pa impact, biti ikakodwa siikupotola dzanja ngati mmene dirilo yaikulu imachitira. Kwa munthu amene akuboola ali pa makwerero zimenezo si zazing'ono.

Nditafika pa 20mm ndinangogunditsa pang'ono phewa la sitepe ya 22 kuti lichotse zakuthwa za m'mphepete, kenako ndinalowetsa biti kuchokera mkati mwa bokosi n'kuchita chimodzimodzi. Kungogunditsa chabe, sekondi imodzi. Musayese ndi chala chopanda kanthu kuti muone ngati mwasalala, ndipo biti musaigwire mukangomaliza, imatentha ngakhale ikuoneka yozizira.

Pali pomwe ndinaleka. Miyendo ya bokosi, imene inkafunikanso mabowo, ndi angle iron yokhuthala, ndipo pamenepo step bit si malo ake, chitsulo chikakhuthala kuposa kutalika kwa sitepe imodzi bowo limatuluka lalikulu pamwamba laling'ono pansi. Ndinawatengera mdala aja anandiboolera ndi biti wamba pa dirilo yawo ya patebulo. Stainless, chitsulo chija chosachita dzimbiri, nayonso ndinganene kuti musalimbane nayo ndi impact, imauma ikatentha ndipo biti imangopukuta pamwamba osadula, imafuna biti ya cobalt ndi dirilo yoyenda pang'onopang'ono.

Pomaliza ndinakulunga maginito mu kapulasitiki n'kutola tizidutswa tonse mkati mwa bokosi ndi pakhonde pomwe ana amayenda opanda nsapato, ukavundukula pulasitiki zonse zimatsalira momwemo. M'mphepete mwa mabowo ndinapaka penti ya red oxide chifukwa chitsulo chosapakidwa chimachita dzimbiri ikangoyamba mvula ya Novembala. Penti itauma m'mawa mwake ndinamanga ma gland onse anayi, analowa mothina bwino, ndipo wamagetsi atabwera masana anangodutsitsa mawaya ake n'kulumikiza.