Zimene ndaphunzira popeka nyimbo yanga yoyamba ya mpingo

Nyimbo ya kwaya ndi nyimbo ya mpingo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti zonse zimayimbidwa m'tchalitchi chimodzi pa mwambo umodzi wa mapemphero. Ya kwaya imayimbidwa ndi anthu amene akhala akukumana mkati mwa sabata, agawana kale mawu, ndipo ali ndi woyimbitsa patsogolo pawo wowauza pokweza ndi potsitsa. Ya mpingo ilibe mwayi wotero, pakuti oyimba ake ndi agogo amene maso anachita chidima moti saonanso zilembo za m'buku, mayi amene wabereka mwana kumbuyo, mnyamata amene mawu akusintha, ndiponso mlendo amene wangolowa pakhomo. Anthu onsewa ayenera kuigwira nyimboyo atangoimva kawiri kapena katatu, ndipo akapanda kuigwira amangokhala chete n'kumaonerera. Kusiyana kumeneku ndiko kunatsogolera chilichonse chimene ndinachita popeka nyimbo yanga yoyamba, ndipo ndalemba izi kuti wina amene wapatsidwa ntchito yofanana nayo apezepo poyambira.

Pempho linachokera kwa akulu ampingo, amene ankafuna nyimbo yatsopano yoti mpingo wonse udzayimbe pa tsiku la chopereka cha masika m'chaka cha 2024. Aliyense akukumbukira mmene chaka chimenecho chinalili. Ng'amba yobwera ndi El Niño inapsereza chimanga chitangoyamba kumasula, ndipo m'mwezi wa Marichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agweredwa ndi tsoka. Mabanja amene zaka zina ankabweretsa matumba pa ngolo anali kudzabwera ndi ndowa, ena kambale chabe. Funso limene linandivutitsa linali lakuti: kodi anthu otere angayimbe mawu ati othokoza amene sadzakhala bodza pakamwa pawo? Nyimbo yonena za nkhokwe zosefukira ikanawalasa mtima, ndipo nyimbo ya madandaulo okhaokha sikanayenera tsiku la chiyamiko.

Abusa anandilozera ku Habakuku 3:17-18, pamene mneneri akunena kuti ngakhale mkuyu usaphuke, mpesa usabale, minda isapatse chakudya ndipo m'makola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova. Nditawerenga mutu wonsewo ndinaona kuti unali kale nyimbo. Mawu akuti Sela, amene timawaona kwambiri m'Masalmo, akupezekamo katatu, ndipo mutuwo ukutha ndi malangizo opita kwa woyimbitsa, otchula zoyimbira za zingwe. Mneneriyu analemba Akasidi, anthu a ku Babulo, atatsala pang'ono kuwononga dziko la Yuda, kotero chikondwerero chake sichinali cha munthu wokhuta. Apa ndinaphunzira kuti wopeka nyimbo ya mpingo sayamba ndi kufunafuna maganizo okongola m'mutu mwake, koma amayamba ndi kukhala pansi pa ndime imodzi ya m'Malemba mpaka atadziwa chimene ikunena ndi chimene sikunena.

Gawo limene linanditengera nthawi yaitali, ndiponso limene ndinaphunzirapo zambiri, ndi la kugwirizanitsa mawu ndi chuni. M'Chichewa liwu lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo tikamayankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo. Timati "Muluungu", "chifuundo", "madaliitso", ndipo phatikizo lomaliza limagwa mopepuka. Machuni ambiri amene anabwera ndi amishonale anapekedwera chiyankhulo chimene mizere yake kawirikawiri imathera pa phatikizo lamphamvu, komanso chimene chili ndi mawu ambiri aafupi. Omasulira nyimbo zimene zili m'buku la Nyimbo za Mulungu anakumana ndi vuto limeneli, ndipo nthawi zambiri analithetsa podula mawu kuti akwane mu mzere, monga kulemba "Mlungu" kapena "Mbuye", ndiponso polola kuti noti yaitali igwere pa phatikizo lomaliza. Nyimbo zimenezo ndimazikonda, ndinakula nazo, ndipo zatonthoza anthu osawerengeka pa maliro ndi pa Mgonero. Komabe munthu wopeka nyimbo yatsopano m'Chichewa alibe chifukwa chotengera kupanikizika kumene omasulira aja anali nako, chifukwa iye ali ndi ufulu wosoka chovala molingana ndi thupi la mwini wake. Chiyankhulo chathu chimakweranso ndi kutsika pachokha, moti chuni chikakwera pamene liwu limatsika, womvera amamva mawuwo ngati akutchulidwa ndi mlendo, ndipo nthawi zina tanthauzo limasokonekera.

Zinandilimbitsa mtima kudziwa kuti njira imeneyi ena anaiyenda kalekale. Donald Fraser, mmishonale wa ku Scotland amene anafika m'dziko muno mu 1896 n'kudzakhazikika ku Loudon, kumene timati ku Embangweni m'boma la Mzimba, ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi a Chitumbuka kupeka nyimbo zawozawo, ndipo ankachititsa mipikisano ya nyimbo zatsopano. Anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo potsata mayimbidwe a kwawo, kuphatikizapo a ingoma, momwe mmodzi amatsogolera ndipo khamu limavomera. Zambiri mwa nyimbozo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu ndipo zikuyimbidwabe mu Sinodi ya Livingstonia. Chimene ndinatengapo ndi chakuti mayimbidwe otsogolera ndi kuvomera si chinthu chongokometsera nyimbo. Ndi njira yophunzitsira khamu popanda buku, chifukwa wotsogolera amasenza mawu amene akusintha, pamene mpingo umagwira mzere umodzi wobwerezabwereza.

Choncho ndinayamba ndi mawu, chuni ndisanachiganizire n'komwe. Ndinkalemba mzere, n'kuutchula mokweza monga momwe ndingauzire munthu amene ali tsidya lina la msewu, kenako n'kudzijambula pa foni kuti ndimve pamene liwu likukwera, pamene likutsika ndi pamene likukokeka. Ndime yoyamba inatuluka motere:

Ngakhale mvula yakana,
Tidzakondwera mwa Inu.
Ngakhale munda wauma,
Tidzakondwera mwa Inu.

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8, ndipo ndinawerenga ndi zala kuti mizere ya ndime zotsatira isapitirire kapena kuperewera, pakuti phatikizo limodzi lowonjezera limachititsa kuti theka la mpingo lithamange pamene theka lina likudikira. Mzere wa maphatikizo 8 umathekanso kuyimbidwa ndi mpweya umodzi, ngakhale ndi munthu wokalamba. Mkuyu, mpesa ndi azitona za mneneri ndinazisintha kukhala mvula, munda, nkhokwe ndi khola, osati chifukwa chopeputsa Malemba, koma kuti anthu atchule pamaso pa Mulungu zinthu zimene ataya iwo eni. Noti yaitali ndinaiika pa "ka" wa "yakana" ndi pa "I" wa "Inu", pamene pakamwa pamakokera kale mwachibadwa.

Panali zosankha ziwiri zokhudza mawu zimene zimaoneka zazing'ono koma zimasintha nyimbo yonse. Habakuku akuyankhula yekha, akuti adzakondwera iye, koma ine ndinalemba "tidzakondwera", chifukwa njala ya chaka chimenecho inali ya mudzi wonse, ndipo munthu amene chikhulupiriro chake chafowoka amatha kunyamulidwa ndi mawu a anzake. Mneneri akunenanso za Yehova, pamene ine ndinalemba "mwa Inu", kuti nyimbo ikhale pemphero lopita kwa Mulungu mwini, osati nkhani yonena za Iye. Wopeka ayenera kusankha kumene nyimbo yake yayang'ana n'kukhala komweko, chifukwa nyimbo imene mzere uno ikuyankhula ndi Mulungu, mzere wotsatira ikulangiza anthu, kenako ikudzudzula Satana, imasiya woyimba osadziwa amene akuyankhula naye.

Mtsutso weniweni unabuka pa ndime yomaliza. Anzanga ena a m'kwaya ankafuna kuti nyimbo ithere pa lonjezo lakuti chaka chamawa nkhokwe zidzadzaza, ndipo maganizo awo ndinawamvetsa, pakuti ankafuna kuti anthu abwerere kunyumba ndi chiyembekezo. Ine sindinavomere, ndipo mpaka lero ndikuona kuti kukana kunali koyenera. Habakuku salonjeza kuti mkuyu udzaphuka. Chimene akunena pa vesi 19 ndi chakuti Yehova ndiye mphamvu yake, ndipo amasandutsa mapazi ake ngati a nswala kuti ayende pamisanje. Kuika m'kamwa mwa mpingo lonjezo limene Mulungu sanapereke ndi kuika msampha pa chikhulupiriro cha anthu, chifukwa mvula ikadzakananso adzafunsa ngati Mulungu ananama. Ulaliki wolakwika anthu amauiwala pofika Lachitatu, koma nyimbo amaiyimba kumunda, kuchitsime ndi kumaliro kwa zaka zambiri. Tinapita nayo nkhaniyi kwa abusa, amene anatikumbutsa mawu a Paulo pa 1 Akorinto 14:15 akuti tiyimbe ndi mzimu komanso ndi chidziwitso, ndipo ndime yomaliza inakhala yonena kuti Yehova ndiye mphamvu yathu.

Za chuni ndinenepo mwachidule, popeza mawu atakhazikika chinabwera mosavuta. Ndinachilemba m'solofa, kalembedwe ka chuni ka do, re, mi, monga timalembera nyimbo zonse za kwaya yathu, ndipo ndinaonetsetsa kuti chisatuluke pakati pa do wa pansi ndi do wa pamwamba. Malire amenewa ndi ofunika kwambiri m'mipingo yathu, chifukwa kumiraga ndi kumaliro kulibe kiyibodi, ndipo nyimbo imayambidwa ndi aliyense amene wagwidwa nayo mtima, nthawi zina pamwamba kwambiri. Mzere wa mpingo ndinauyendetsa pa manoti oyandikana, opanda kudumpha, ndipo pansi pake ndinaika magwirizano (manoti omveka pamodzi) atatu okha a do, fa ndi so, amene anthu athu amapezera alito, tena ndi besi ndi khutu lokha popanda wowaphunzitsa.

Mayeso enieni sanali m'kwaya, chifukwa kwaya imatha kuyimba chilichonse ikachibwereza mokwanira. Ndinapempha mwayi wokayimba nyimboyi pa msonkhano wa amayi wa mkati mwa sabata, popanda pepala, popanda kiyibodi, ndipo ndinadziletsa kufotokoza chilichonse. Ndinkayang'ana milomo yawo. Pofika mzere wachinayi ambiri anali atalandira kale "Tidzakondwera mwa Inu", ndipo mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi ndi zenera anayamba kuwomba m'manja mwa kamvekedwe kake, kuwomba katatu pamene ine ndinkawerenga kawiri, ndipo enawo anamutsatira. Pa ndime yachitatu, pamene ndinalemba kuti "Ngakhale nkhokwe yapepuka", milomo inazengereza, popeza mzerewo unali ndi maphatikizo 9 ndipo ndinkayembekeza kuti udutsa mwa kufulumiza. Mayi yemweyo anati, "Mwanawe, nkhokwe sipepuka, imagona." Anatanthauza nkhokwe yopanda kanthu imene eni ake amaisiya mpaka kugwa. Mzerewo unakhala "Ngakhale nkhokwe yagona", maphatikizo 8, ndipo ukunena zoona kuposa mawu anga oyamba. Amayiwo anasinthanso mathero a mzere wawo: ine ndinalemba kuti utsike kuchokera pa re kufika pa do, koma iwo ankayamba akwera pa mi asanatsike, ndipo ankachita zimenezi onse pamodzi popanda kupangana. Ndinafufuta zimene ndinalemba n'kulemba zimene iwo ankayimba.

Pa tsiku la masika wotsogolera sanali ine. Tinasankha mtsikana wa m'kwaya amene mawu ake amamveka mpaka kumbuyo popanda chimkuzamawu, ndipo tinagwirizana ndi woyimba kiyibodi kuti asalowe mpaka ndime yoyamba itatha, kuti anthu ayambe amva mawu. Nyimbo inayimbidwa anthu akupita kutsogolo ndi ndowa, malichero ndi timatumba tawo, ndipo popeza mzere unali wautali, wotsogolera anawonjezera mizere yake yotchula mtedza, mbatata ndi mbuzi, yonse yokwana maphatikizo 8, mpingo n'kumavomera. Kuwonjezera kotereku kunatheka chifukwa cha mamangidwe a nyimboyo, ndipo sikukanatheka ikanakhala ya ndime zotsekeka zimene mawu ake onse ayenera kuwerengedwa m'buku.

Tsopano akulu ampingo apempha nyimbo ina ya pa Mgonero wa Ambuye, ndipo ndaona kale kuti zina mwa zimene ndaphunzira sizigwira ntchito chimodzimodzi kumeneko. Nyimbo ya Mgonero imayenda pang'onopang'ono, siwomberedwa m'manja, ndipo manoti ake aatali amaonetsa poyera phatikizo lililonse limene lakokedwa pamalo olakwika. Ndayamba kuwerenga 1 Akorinto 11:23-26 pamodzi ndi Yesaya 53, ndipo ndikuphunzira kwa woyimbitsa wathu kalembedwe ka nthawi m'solofa, ka timadontho ndi timizere, kuti amene adzalandire pepala kumiraga adzadziwe kutalika kwa noti iliyonse popanda kundifunsa.