Mfuti ya apongozi ndi bokosi la zipolopolo zakale: mmene tinathanirana nazo ku Norfolk

Apongozi anga aamuna atatisiya mu Novembala, ntchito yolongedza katundu wawo inagwera ine ndi mayi akunyumba. Nyumba yawo ili kufupi ndi King's Lynn, ku Norfolk, pafupi ndi gombe lamatope lotchedwa The Wash, kumene atsekwe ochokera ku Iceland ndi Greenland amadzakhala nyengo yozizira. Tsiku lachitatu ndinakwera pamakwerero m'shedi kuti nditsitse maukonde akale, dzanja langa n'kukhudza chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangete. Kulemera kwake ndinayesa chitsulo cha ngolo. Nditafunyulula ndinapeza mfuti ya mpope umodzi, yotalika kundifika pachifuwa, pakamwa pake chala changa chachikulu chikulowa mosakhudza m'mbali. Kuseri kwake kunali kabokosi kathabwa kodzaza zipolopolo zapepala.

Kumudzi ndinakula ndikuona gogodera wa agogo, komanso mfuti za Greener zimene alonda a m'maesiteti ankakoleka paphewa, koma yaikulu chonchi ndinali ndisanaionepo. Mtima unagunda, osati chifukwa cha mfutiyo ayi, koma lamulo. Ine ndine mlendo m'dziko muno, ndipo mlandu wa mfuti si mlandu woti munthu n'kuuyesa dala. Mayi akunyumba anati, "Amuna anga, isiyeni pomwepo, tiitane achikulire a nyumba yoyandikana nafe." Achikulirewo ankasaka abakha ndi malemu kuyambira ali anyamata, ndipo ali ndi chiphaso cha mfuti.

Choyamba chimene anachita atafika n'kuilozetsa pansi. Anakankhira kumbali chogwirira chimene chili kunsi kwake, mfutiyo n'kupindika pakati, iwo n'kusuzumira mumpope kuwala kukuonekera mbali inayo. Munalibe kanthu. Apo m'pamene anapuma, nati, "Mwana wanga, iyi ndi 8 bore. Bambo ako ankaphera atsekwe, koma anaisiya kalekale."

Nambala imeneyi inandisokoneza, chifukwa ndinkaganiza kuti 8 ndi yaing'ono kuposa 12. N'zosemphana. Tengani paundi imodzi ya mtovu, magalamu 454, muigawe timipira tofanana. Ngati timipira tokwana bwino mumpope tatuluka 12, mfutiyo ndi 12 bore, mpope wake mamilimita pafupifupi 18.5. Ngati tatuluka 8 tokha, ndiye kuti kampira kalikonse n'kakakulu, ndipo mpope wake ndi mamilimita pafupifupi 21. Pali zinanso zoposa pamenepa, 4 bore, mpaka zija zosatheka kuika paphewa zimene ankamangirira pabwato laphanthiphanthi n'kuombera gulu lonse la abakha ali pamadzi. Ku America, malamulo otsatira pangano la 1916 loteteza mbalame zosamukasamuka analetsa kusakira mbalamezi mfuti yaikulu kuposa 10 bore. Ku Britain sanaletse. Lamulo la 1981 linangoika malire akuti pakamwa pa mpope pasapose inchi imodzi ndi magawo atatu a magawo anayi. N'chifukwa chake mfuti zotere zidakapezekabe m'mashedi a ku Norfolk ndi Lincolnshire.

Madzulo omwewo ndinaimba 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosafuna changu. Ndinanena zoona zokhazokha: mwini nyumba wamwalira, tapeza mfuti yakale ndi zipolopolo, mwa ife mulibe wachiphaso. Anandipatsa nambala ya nkhaniyo, nandiuza kuti ndisanyamule chilichonse kupita nacho kupolisi ndekha, nditseke shedi, ndidikire a nthambi yoona za ziphaso za mfuti. Nambala imeneyo muilembe papepala, chifukwa aliyense amene tinakumana naye pambuyo pake ankayamba waifunsa. Usiku umenewo kiyi wa shedi ndinagona naye m'thumba.

Patapita masiku anayi kunabwera bambo wa kunthambiyo, wofatsa, wosathamangira kuweruza. Anatifotokozera kuti lamulo la mfuti la 1968 lili ndi gawo lolola munthu kusunga mfuti yamakedzana popanda chiphaso, bola ikhale yongosunga kapena yokongoletsera m'nyumba. Malamulo a 2021 anamveketsa bwino: iyenera kukhala yopangidwa tsiku la 1 Seputembala 1939 lisanafike, ndipo mtundu wa zipolopolo zake ukhale pamndandanda wa zimene zinatha ntchito. 8 bore ili pamndandandawo. Koma iye sakanangovomera ndi maso. Anati mfutiyo ikasungidwe kwa wogulitsa mfuti wolembetsedwa ndi boma mpaka zaka zake zitatsimikizika, ndipo wogulitsayo anabwera yekha kudzaitenga, n'kutisiyira lisiti.

Kushopu kwake n'kumene ndinaphunzira kuwerenga chitsulo. Anachotsa kathabwa kakutsogolo, nasolola mpope, naugadamitsa pansi pa nyale. Pamwamba panali dzina lofufutika pang'ono, J. & W. Tolley, kampani ya ku Birmingham yodziwika ndi mfuti zikuluzikulu zosakira mbalame za m'madzi. Kunsi kwa mpope kunali tizidindo tating'ono ngati nyerere: ndodo ziwiri zachifumu zopingasana, chisoti pamwamba, ndi mawu akuti NOT FOR BALL. Anandipatsa galasi lokuzira kuti ndione ndekha. Zidindo zimenezi zimaikidwa ndi nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, imene inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo mawu amenewo anagwiritsidwa ntchito kuyambira 1875 mpaka 1887 basi, pochenjeza kuti mpope ndi wopanikiza kukamwa, usalowetsedwe chipolopolo chimodzi chachikulu. Ndiye kuti mfuti imene inali m'manja mwangamo inayesedwa boma la atsamunda lisanakhazikitsidwe kwathu mu 1891. Ndinakhala chete kanthawi.

Chitsulo cha mpopewo chinali ndi mizere yopotanapotana ngati madzi a mumtsinje. Amachitcha Damascus: timizere ta zitsulo ziwiri tinkapotedwa pamodzi, n'kuzengerezedwa pandodo, n'kusulidwa. N'chokongola kwabasi, koma dzimbiri limatha kubisala pakati pa mizereyo osaoneka kunja. Panalibenso chidindo chosonyeza kuti inayesedwa ndi wonga wamakono. Inayesedwa ndi wonga wakuda wokha, uja wa utsi wambiri. Wogulitsayo analemba zonsezi m'kalata, ine n'kutumiza kwa bambo wa kupolisi uja, ndipo nkhani ya mfuti inathera pamenepo.

Zipolopolo ndiye zinatidyera nthawi. Ndinkaganiza kuti n'zazing'ono pankhaniyi, koma ndi zimene zikanatiika m'madzi. Kungokhala ndi zipolopolo wamba za machaka si mlandu mwa iko kokha. Vuto ndi lakuti ukasunga mfuti ngati chokongoletsera, pambali pake pali bokosi la zipolopolo zamoyo zokwana mumfuti yomweyo, ndani angakhulupirire kuti ndi chokongoletsera? Bambo wa kupolisi ananena mosapsatira kuti ziwirizi zisagone nyumba imodzi.

Tinaziyala pathebulo la m'shedi ndi achikulire aja, pansi titayala nsanza, kutali ndi chotenthetsera. Zinalipo 43. Chilichonse chachitali kuposa chala changa chapakati, thupi lake lapepala lokhuthala, tsinde la mkuwa, kukamwa kopindiridwa mkati mozungulira n'kutsekedwa ndi kakhadi kolembedwa BB, kukula kwa machaka ake. Patsinde zina zinalembedwa ELEY, zina KYNOCH, zambiri ELEY-KYNOCH. Achikulirewo anati zolembedwa maina onse awiri n'zapambuyo, makampani awiriwa atalowa m'gulu limodzi nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, gulu limene mu 1926 linakhala mbali ya kampani yaikulu yotchedwa ICI. Chipolopolo chimodzi chotere chimanyamula machaka olemera magalamu 57 kapena kuposa, pamene cha 12 bore chimanyamula pafupifupi 30.

Ndinanyamula chimodzi chimene chinali pakona ya bokosi, mbali yodontha denga. Pepala lake linali litafufuma ngati chigumu, mkuwa utamera zobiriwira, ndipo nditachitembenuza panagwa fumbi lotuwa m'dzanja langa, mtovu wovunda. Chinkanunkha chinyontho ndi phula. Zotere zinalipo 17. Zotsalazo zinali zosalala, mtundu wake ukuwalabe, moti ndinafunsa ngati zingalire. Achikulirewo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati zina zikhoza kulira, ndipo choopsa chake n'chomwecho. China chimachedwa, munthu n'kutsegula mfuti poyesa chafa, icho n'kuphulika. China chimalira mofooka n'kusiya zotsekera zake pakati pa mpope, chotsatira n'kung'amba chitsulo pafupi ndi dzanja. Komanso zambiri mwa izo zinali za wonga wamakono umene mfuti yathuyi sinayesedwepo nawo. Sanandilolenso kuzitumbula ndi mpeni kuti nditaye wongawo.

Zowonongeka zija apolisi anabwera kudzazitenga, tinasainirana. Musaziponye m'bini kapena pamoto, ndipo musazikwirire m'munda. Zabwinozo zili ndi anthu ozisonkhanitsa, amene amasamala kwambiri za zolemba patsinde ndi bokosi lake lenileni. Munthu wina amene anamva mphekesera anabwera pakhomo n'kunena kuti atichotsere "zinyalala" zonse pamodzi ndi mfuti pa ndalama yogulira nsapato, ndipo nditamufunsa chiphaso anayamba kuzungulira. Zinandipweteka, chifukwa ankaona kuti tili pachisoni ndipo sitidziwa kanthu. Lamulo limafuna kuti wogula zipolopolo za machaka aonetse chiphaso, ndipo kuzitumiza papositi n'koletsedwa. Tinabwerera kwa wogulitsa wolembetsedwa uja, iye n'kupeza wozisonkhanitsa, n'kuona yekha mapepala ake. Ndalamazo tinapereka kwa apongozi aakazi.

Alamu anga anafunsa ngati sitingaikonze kuti iziombanso. N'zotheka, koma tsiku limene mwaganiza zoiombera, yasiya kukhala chokongoletsera. Pamafunika chiphaso cha zaka 5, kalata ya dokotala, anthu okuchitirani umboni, ndi kabati yachitsulo yomangirira kukhoma. Mpope uyenera kupimidwa ndi katswiri, mwinanso kubwerera kunyumba yoyesera, kumene ukhoza kupambana kapena kuphulika. Ndiponso kuyambira 1999, ku England saloleza kuombera abakha ndi atsekwe ndi machaka a mtovu, choncho eni mfuti zakale amagula machaka a mtundu wina wa chitsulo wotchedwa bismuth, okwera mtengo, poti achitsulo amakanda mipope yofewa. Ine sindine mlenje, ndipo sindinafune kuika pachiswe chinthu chimene chapirira zaka zoposa 130. Banja linagwirizana nane.

Zonse zinatenga milungu isanu ndi iwiri. Mfutiyo ili pakhoma m'chipinda chochezera, yomangidwa ndi loko ngakhale lamulo silikakamiza, ndipo kalata ya wogulitsa, lisiti ndi nambala ya kupolisi zili mu envulopu m'dirowa pansi pake. Pansi pa bokosi lija tinapezamo chikhokhombe chimodzi choombedwa kale, chopanda kanthu mkati, mbali imodzi yakuda ndi utsi. Bambo wa kupolisi anachisuzumira, nati chimenecho tikhoza kusunga. Mayi akunyumba anachiika pawindo la kukhitchini, loyang'ana kugombe.