Okwiya ndi mafilimu ndiwo amatipatsa ntchito

Ntchito yathu ndi yosoka mabuku. Munthu amatitumizira buku lake lothyoka msana, masamba akuthothoka, ife n'kuliphwasula, kulisoka ndi ulusi, kuliveka chikuto cholimba cha katoni yokutidwa ndi nsalu kapena chikopa, n'kumubwezera. Tilipo awiri, ine ndi achimwene anga. Iwo amadula katoni ndi kudinda zilembo pamsana, ine ndimasoka komanso kuyankha makasitomala, poti maoda onse amabwera pa intaneti. Poyamba tinkayembekezera madikishonale ndi mabuku a sukulu, ndipo amabweradi. Koma chimene chinalimbitsa bizinesi yathu ndi buku limodzi la nthano, The Lord of the Rings la J.R.R. Tolkien, pamodzi ndi mkangano wosatha wa anthu olikonda pa nkhani ya mafilimu ake.

Buku limeneli silichedwa kuthyoka, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Lonse pamodzi limapitirira masamba 1,000. Mwiniwake analilemba ngati buku limodzi, koma kampani ya Allen & Unwin inaligawa patatu chifukwa nkhondo itangotha mapepala anali odula: zigawo ziwiri zinatuluka mu 1954, chachitatu mu 1955. Makope otsika mtengo amene anthu ambiri ali nawo sanasokedwe, anangomatidwa ndi guluu pamsana. Guluuyo akauma amasweka. Onjezani pamenepo khalidwe la owerenga ake, amene saliwerenga kamodzi n'kuliika pashelefu. Amalibwereza, ndipo pakangopita masamba ochepa amatembenuzira ku mapu kuti aone pamene wafika Frodo, mwini nkhani amene wanyamula mphete yamatsenga kukaiwononga. Likatipeza limakhala litagawikana pakati. Timapala guluu wakale uja, kusonkhanitsa masamba m'timagulu, kusoka m'mphepete, kenako kulimbitsa msana ndi nsalu yopyapyala. Ena amatumiza zigawo zonse zitatu kuti tizimange pamodzi monga ankafunira mlembi. Timachita, koma timawachenjeza kuti buku lotero silowerengera pabedi.

Tinayamba ntchito cha m'nthawi imene mafilimu a The Hobbit, buku lina la Tolkien, ankatuluka. Pamenepo panayamba kubwera maoda amene anatidabwitsa: mabuku atsopano, osang'ambika paliponse. Vuto linali chikuto. Osindikiza amakonda kuika nkhope za osewera m'filimu pa mabuku filimu ikamatuluka, ndipo pali anthu amene zimenezi zimawanyansa. Mayi ena anandilembera mwachidule kuti, “Achemwali, ndichotsereni nkhope iyi. Aragorn wanga sali chonchi.” Aragorn ndi mmodzi wa ngwazi za m'bukuli. Ndinawafunsa kuti, “Nanga tiikepo chiyani, mayi?” Anati tisaikepo chilichonse, nsalu yobiriwira basi. Kuyambira pamenepo, aliyense wotumiza buku la Tolkien ndimamufunsa funso limodzi tisanakambe za mtundu wa nsalu: munayamba ndi buku kapena ndi filimu? Yankho lake limandiuza zambiri za chikuto chimene angachikonde, komanso kutalika kwa uthenga umene ndilandire.

Oyamba ndi buku ndiwo amalemba mauthenga ataliatali. Ndinafunsa za nsalu, iwo amayankha za Peter Jackson, amene anatsogolera mafilimu atatu a bukuli a 2001, 2002 ndi 2003. Madandaulo awo ndinawaloweza. Loyamba ndi la Tom Bombadil, bambo woimba nyimbo m'nkhalango amene mphete ilibe naye mphamvu, yemwe m'filimu ya 2001 mulibiretu. Pamenepa sindigwirizana nawo. Ralph Bakshi anamusiya mu filimu yake ya zojambula ya 1978, ndipo sewero la pa wailesi ya BBC la 1981 linamusiyanso. Anthu osiyana akafika pa malo amodzi n'kulumphapo onse, ndiye kuti malowo ndi ovutadi. M'buku, owerenga angathe kuima n'kupuma kunyumba kwa Bombadil. Mu filimu, okwera mahatchi akuda akuthamangitsa Frodo, ndani angapirire nyimbo? Lachiwiri ndi la Glorfindel, amene ntchito yake yopulumutsa Frodo inapatsidwa kwa Arwen, bwenzi la Aragorn. Limenelinso silindipweteka mutu. Filimu imafuna kuti woonera amudziwe msanga mkazi amene Aragorn adzakwatire.

Pali madandaulo awiri amene ndimawavomereza, ndipo ndikamasoka masamba ake ndimachedwa dala. Faramir wa m'buku amapeza mpata wolanda mphete kwa Frodo, palibe womuletsa, koma amaikana osavutika mtima. Mu filimu ya 2002 amagwira Frodo n'kupita naye ku Osgiliath asanasinthe maganizo. Okonza filimu ankaona kuti munthu wokana mphete mosavuta angaichepetse mphamvu pamaso pa oonera. Ndikumvetsa, koma anachotsa chinthu chimene Tolkien anachiika mwadala, chakuti pali anthu amene dyera silimawagwira. Lina ndi la kumapeto. M'buku, ma Hobbit, anthu aafupi a mtundu wa Frodo, akabwerera kwawo ku Shire amapeza mitengo itadulidwa, anthu achiwawa akulamulira, wamatsenga woipa Saruman ali kumbuyo kwa zonsezo, ndipo amayenera kumenyanso nkhondo pakhomo pawo popanda Gandalf, wamatsenga amene ankawatsogolera. Mu filimu ya 2003 amapeza mudzi uli bwinobwino ngati palibe chinachitika. Pamenepa filimu inanena zosiyana ndi buku. Buku likuti nkhondo ya kutali imakutsata mpaka kwanu, filimu ikuti kwanu kumakudikira.

Achimwene samva zimenezi. Iwo anayamba ndi filimu, ndipo akanapanda kuona mapiri a ku New Zealand pa kanema, bukulo sakanalitsegula. Akandimva ndikuwerenga mokweza uthenga wa kasitomala wokwiya amangoti, “Walira mvula walira matope.” Mfundo yawo ndi yakuti anthu omwewa anakhala zaka akufuna kuona nkhaniyi pa kanema. Amandikumbutsanso kuti The Return of the King, filimu ya 2003 ija, inapata mphoto za Oscar 11 mu 2004, m'magawo onse amene inapikisana, komanso kuti Jackson sanadzipangire yekha maonekedwe a dzikolo koma anaitana Alan Lee ndi John Howe, amene anali atajambula kale zithunzi za m'mabuku a Tolkien. Pa mbali ya ndalama, achimwene ndiwo olondola. Oyamba ndi filimu ndi ambiri kuposa enawo, salimbana nafe, ndipo amabweranso ndi mabuku ena. Amapempha nsalu yakuda ndi zilembo zagolide. Okwiya aja amalipira bwino, koma oda imodzi imadya mauthenga osawerengeka.

Pa The Hobbit pokha ndi pamene magulu awiriwa anagwirizana. Kabuku ka ana ka 1937, ka masamba pafupifupi 300, kanatambasulidwa kukhala mafilimu atatu, a 2012, 2013 ndi 2014, ndipo anaikamo Tauriel, munthu amene m'buku mulibe. Ngakhale achimwene anavomera kuti pamenepo anawonjeza.

Chimene ambiri mwa makasitomala athu sadziwa n'chakuti wodandaula woyamba anali Tolkien mwini. Mu 1958 analemba kalata yaitali yotsutsa, mfundo ndi mfundo, mmene Morton Grady Zimmerman anakonzera nkhaniyi kuti ikhale filimu, ndipo filimuyo sinapangidwe. Koma mu 1969 yemweyo anagulitsa ufulu wopanga mafilimu ku kampani ya United Artists. Mwana wake Christopher, amene anajambula mapu a m'bukuli, anauza nyuzipepala ya Le Monde mu 2012 kuti mafilimu a Jackson anasandutsa buku la bambo ake kukhala filimu ya zomenyana yokomera achinyamata. Ndikawauza zimenezi okwiya aja amasangalala. Ndikafika pa za 1969 amasintha nkhani.

Kugulitsa kumeneko kumatikhudza ngakhale ife osoka. Ufulu uja unachoka ku United Artists kupita kwa Saul Zaentz mu 1976, ndipo mu 2022 kampani ya Embracer Group inagula Middle-earth Enterprises imene imausunga. Zolemba zenizeni zili m'manja mwa Tolkien Estate, bungwe loyang'anira zimene Tolkien anasiya. Choncho munthu akatipempha kuti tidinde chizindikiro cha filimu pachikuto, kapena kuti timujambulire mapu n'kumugulitsa, timakana. Ife timasoka buku limene munthu anagula kale, sitisindikiza mawu a wina kapena zithunzi za wina. Maoda ena atidutsa chifukwa cha zimenezi, ndipo ena amatiuza kuti pali anzathu amene amachita osafunsa. Achite. Bizinesi ya anthu awiri singalimbane ndi maloya a makampani otero. Kukana kumeneku kunatikakamiza kupanga zathu: achimwene anasema zidindo za masamba a mtengo, nyenyezi ndi mzere wa mapiri, zosakopera kwa aliyense. Lero ndi zimene anthu amatidziwa nazo.

Chaka chimene tinagwira ntchito kwambiri ndi 2022, pamene Amazon inatulutsa sewero la pa kanema la The Rings of Power. Kampaniyi inalipira madola pafupifupi 250 miliyoni mu 2017 pogula ufulu wokha, koma ufuluwo unali wa The Lord of the Rings ndi zowonjezera za kumapeto kwake, osati wa The Silmarillion, buku la 1977 limene lili ndi mbiri yakale ya dzikolo. Olemba sewerolo anatenga zochitika zotalikirana zaka mazanamazana n'kuzipanikiza mu m'badwo umodzi, mipata yotsala n'kudzaza ndi zawo. Anthu anakwiya, ndipo atakwiya anathamangira ku mabuku kukafuna umboni. Tinazionera pa tebulo lathu. Kale mabuku ankabwera atathyoka pakati. Chaka chimenecho anayamba kubwera atathothoka kumapeto, kumene kuli mindandanda ya mafumu ndi zaka, masamba amene ambiri ankangowalumpha. Makope a The Silmarillion amene anakhala pa mashelefu osatsegulidwa anabwera ali ndi mizere ya pensulo.

Mkwiyo wa chaka chimenecho unali wa mitundu iwiri, ndipo sindiuika m'thumba limodzi. Wina ukadandaula kuti zaka zasokonezedwa kapena kuti Galadriel, mfumukazi ya m'bukuli, wasanduka msilikali wa lupanga, tikhoza kukambirana mpaka usiku, masamba ali potsegula. Koma panali ena amene vuto lawo linali khungu la osewera, makamaka Ismael Cruz Córdova, Sophia Nomvete ndi Lenny Henry. Osewerawa anatukwanidwa pa intaneti, ndipo Amazon inkachedwetsa ndi maola 72 ndemanga za oonera kuti isefe zachipongwe. Otukwanawo ankati akuteteza buku. Ine ndimawafunsa za mlembi wina, Ursula K. Le Guin. M'buku lake la 1968, A Wizard of Earthsea, mwini nkhani Ged ndi wa khungu lofiirira. Sewero la pa kanema la 2004 linapereka mbaliyo kwa mzungu, ndipo mlembiyo, ali moyo, analemba poyera kudandaula kwake. Ngati nkhani ndi kukhulupirika kwa buku, phokoso la nthawi imeneyo likanafanana ndi la 2022. Silinafanane. Bambo ena ananditumizira oda yaikulu pamodzi ndi mawu onyoza osewera aja, poganiza kuti ndiseka nawo. Ndinawayankha kuti, “Bambo, buku lanu tisoka, koma nkhani iyo musandilemberenso.” Bukulo sanatumize. Achimwene anawerengetsa ndalama imene inapita, n'kungokhala chete.

Pa zaka zimenezi ndaona kuti wokwiya ndi filimu kawirikawiri sakuteteza mawu a Tolkien koma chithunzi chimene iye anadzipangira powerenga koyamba. Tolkien sanafotokoze nkhope za anthu ake mwatsatanetsatane. Anasiya mipata, ndipo wowerenga aliyense anadzazamo zake. Filimu ikabwera imadzaza mipata yonse ndi nkhope imodzi, ndipo ukaiona suthanso kuichotsa m'mutu. Ndi chifukwa chake amapempha chikuto chopanda chithunzi. Ifenso timakumana ndi zofanana pang'ono: ndikasankha nsalu yofiira pa buku limene mwini wake amaliona lobiriwira, ndalakwa, ngakhale nditasoka bwino chotani. Ndiye tisanadule kanthu timatumiza zithunzi za nsalu, mwini asankhe yekha, alipire theka, ntchito iyambike. Timawalangizanso kuti chikopa n'chowononga ndalama ngati mapepala a bukulo ayamba kale kuchita chikasu ndi kufumbutuka. Nsalu imakwanira.

Mu 2024 kampani ya Warner Bros. inalengeza filimu ina, The Hunt for Gollum, yotsogoleredwa ndi Andy Serkis, amene anasewera Gollum m'mafilimu a Jackson. Nkhani yake ndi ya chinthu chimene m'buku chimangokambidwa mwachidule, ndiye kuti olemba adzawonjezera zambiri zawo. Achimwene atamva anaitanitsa katoni ndi nsalu yobiriwira yochuluka kuposa nthawi zonse. Oda yoyamba yokhudza filimuyi inabwera isanatuluke n'komwe. Ndi ya mayi aja a nsalu yobiriwira, amene tsopano ndi kasitomala wathu wakale. Atumiza The Fellowship of the Ring, chigawo choyamba cha bukuli, ndipo apempha kuti kumapeto kwake tisokereko masamba oyera, osalembedwa kanthu. Akuti akufuna polemba zonse zimene filimuyo idzalakwitse. Ndinawafunsa ngati masamba 20 akwana, iwo anati ndiike 40.