Lachiwiri, kumalo oponyera

Lero kunazizira moti zala zinkakanika kugwira tepi yoyezera. Ntchito yanga pa timu ya masewero othamanga ndi kuponya zitsulo ya koleji yathu ndi yaing'ono: kutola zitsulo, kuyeza mtunda ndi kujambula pa foni. A kochi a oponya amafika tonse tisanafike, n'kusesa okha kabwalo ka simenti koimapo poponya, kamamita 2.135 kupingasa kwake.

Amene anavuta ndi mnyamata wa chaka choyamba. Kusekondale kuno ku America anyamata amaponya shot put, mpira wachitsulo uja, ya makilo 5.44, koma akafika kukoleji amawapatsa ya 7.26, yomwe imaponyedwa ku Olympics. Mtunda umatsika, mtima n'kutsika nawo. Iyeyu anaponya mokakamiza, n'kutulukira kutsogolo kwa kabwaloko, ndiye kuponyako sikunawerengedwe. Anakakhala pansi osayankhula. A kochi sanayang'ane n'komwe kumene chitsulo chagwera, maso awo anali pa phazi lamanja ndi m'chiuno. Anamulanda chitsulocho n'kumuuza kuti azingozungulira chimanjamanja mpaka nthawi ithe. Nthawiyonso ndi yopimidwa, poti malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, salola maola oposa 20 pa sabata m'nyengo ya mipikisano.

Masana tikudya a kochi anandifotokozera mmene anayambira: kuthandiza mwaulere, kenako kuphunzitsa uku akuphunzira digiri yachiwiri, kenako kusamukasamuka kulikonse kumene kwapezeka malo. Amasirira Don Babbitt, amene anayamba ntchito pa University of Georgia mu 1996 n'kukhazikika pomwepo. Babbitt ndiye anaphunzitsa Reese Hoffa, amene anatenga mendulo ya bronze pa shot put ku Olympics ya ku London mu 2012, komanso Adam Nelson, yemwe golide wake wa ku Athens wa 2004 anaulandira mu 2013, akuluakulu a Olympics atamulanda munthu amene anapezeka kuti anagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa.

Chimandiwawa ine n'chakuti oponya nthawi zambiri amawaika kumbali, owonerera asanadzaze. Chonsecho pa mpikisano wa NCAA wopambana pa discus, kuponya chimbale, amapezera timu mapointi 10, chimodzimodzi wopambana pa mamita 100.

Ndikuweruka ndinawasiya a kochi mu ofesi akubwereza vidiyo ya mnyamata uja pang'onopang'ono, uku akudikira kuimbira makolo a mtsikana wina wa kusekondale amene akufuna kumukokera ku timu yathu. Mawa tiyamba 6 koloko, ndi weight throw, kuponya chitsulo chokhala ndi chogwirira, ya mapaundi 35.