Mawu omaliza a agogo

Dzulo ku Jali ndinakhala pakhonde ndi atsibweni, n'kuwafunsa kuti munda wa kudambo uja unakhala bwanji wa amayi. Anandiyang'ana kaye, kenako n'kuyamba kubwereza zimene agogo ananena ali gone pamphasa, kutatsala masiku awiri kuti atisiye: mundawo upite kwa mwana wamkazi wamkulu, mbuzi agawane adzukulu, mtondo usachoke pamudzi. Pofotokoza chifukwa chake, agogo anatchula mayina a amayi awo ndi agogo awo, n'kunenanso kuti makolo athu anachokera ku Mozambique, anakhalako ku Phalombe, mpaka njala ya 1949 inawathamangitsira kuno. Abale inu, ine zonsezi sindinkazidziwa.

Inde, lamulo la 2011 la chuma cha masiye limafuna wilo yolemba, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Koma pepala lotero likanangonena za munda ndi mbuzi, za kumene tinachokera ayi. Chikundiwawa n'choti mwa anthu anayi amene anamva mawuwo, atsala ndi atsibweni okha, ndipo nawonso ayamba kusokoneza mayina. Loweruka ndikubwererako ndi kope komanso foni yodzaza moto.