Portfolio ya UX research: kuyambira pa ndalama zotumiza kumudzi

Olemba anthu ntchito ya UX research (kufufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito zinthu monga app) kumabanki a ku Sandton ndi Rosebank, kapena ku Vodacom ku Midrand, akatsegula portfolio (chikalata choonetsa ntchito zimene munachitapo) amafufuza zinthu zinayi: funso limene munali nalo, chifukwa chimene munasankhira njira yanu, zimene anthu anakuonetsani, ndi zimene munalangiza kuti zisinthe. Zithunzi zokongola za pa Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a app, zisiyireni opanga design. Nkhani ziwiri kapena zitatu zofufuzidwa mozama n'zokwanira.

Ngati simunagwirepo ntchitoyi, kafukufuku woyamba mudziyambire nokha. Ife olankhula Chichewa kuno ku Johannesburg tili ndi poyambira pabwino, pa nkhani yotumiza ndalama kumudzi. Kumapeto kwa mwezi anthu ku Mayfair, Yeoville ndi Diepsloot amatumiza kudzera pa Mukuru ndi njira zina, ndipo zina zimakafikira pa Airtel Money kapena Mpamba. Wofufuza wosadziwa chilankhulo chathu amavutika kuwafikira anthu amenewa, pomwe inu mumakwera nawo takisi imodzi.

Funso lichepetseni. "Kodi anthu amaikonda app imeneyi?" silikufikitsani kulikonse. Funsani kuti munthu wotumiza yekha pa foni amakakamira pati, ndipo amatsimikiza bwanji kuti ndalama zafika.

Jakob Nielsen, katswiri wa UX, analemba mu 2000 kuti anthu asanu amavumbula pafupifupi 85% ya zovuta za kagwiritsidwe ntchito, koma izi zimatheka anthuwo akakhala a gulu limodzi. Wa foni ya mabatani amene amadina USSD (manambala oyamba ndi * n'kuthera ndi #) ndi wa smartphone amene ali ndi app ndi magulu awiri, choncho pezani atatu kapena anayi pa gulu lililonse. Asefeni ndi mafunso ochepa: anatumiza liti komaliza, foni yake ndi yotani, amatumiza yekha kapena amatumiziridwa. Abale anu ndi anzanu apamtima musawatenge, chifukwa adzafuna kukusangalatsani. Aliyense mumubwezere ndalama ya takisi ndi ya bandulo.

Chilolezo si nkhani yochitira mwamwambo chabe. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu ku South Africa, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, ndipo banki iliyonse idzafuna kuona ngati mumalitsata. Lembani kalata ya tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yonena chifukwa chimene mukujambulira mawu, kumene muwasunge ndi tsiku limene muwafufute. Za mapepala okhalira m'dziko muno musafunse ngakhale pang'ono: sizikukhudza funso lanu, ndipo munthu akangomva zimenezo amatseka pakamwa. Mu portfolio musaoneke nkhope, dzina kapena nambala ya foni. Anthuwo atchuleni P1, P2 mpaka womaliza.

Ambiri amagwa pa kucheza kwenikweni. Konzani mphindi 45. Mphindi 15 zoyamba, muuzeni akufotokozereni tsiku lomaliza limene anatumiza ndalama, kuyambira pamene uthenga wakumudzi unafika. Zotsalazo, akuonetseni pa foni yake yomwe momwe amachitira, koma aime asanadine batani lomaliza kuti ndalama zisapite. Mmalawi ukamufunsa kuti "mwaona bwanji?" amayankha kuti "zili bwino", chifukwa cha ulemu, ngakhale wangovutika kumene pamaso pako. Yankho limenelo musalilembe ngati chotsatira. Yang'anani zala zake: pamene waima, pamene wabwerera m'mbuyo, pamene wawerenga nambala kawiri, pamene USSD yaduka asanamalize chifukwa nthawi yatha. Akakufunsani kuti "ndidine apa?", mubwezereni funso: "Inu mukuganiza kuti chichitike n'chiyani mukadina?" Mukangomuuza yankho, gawo limenelo lawonongeka. Kukhala chete kumavuta, makamaka ndi munthu wamkulu amene mukufuna kumuthandiza, koma dikirani, mudzamuthandiza mukamaliza.

Ena amawonjezera System Usability Scale, mafunso 10 oyezera kuphweka kwa kagwiritsidwe ntchito amene John Brooke anakonza mu 1986, omwe mulingo wake wapakati ndi 68. Mukhoza kuika kuti muonetse kuti mumaidziwa, koma pa anthu ochepa chonchi nambalayo musaikulitse. Maperesenti nawonso ayi. Lembani kuti "anthu 4 mwa 7", osati 57%.

Mukamaliza, chilichonse chimene munaona chilembeni pa kapepala kakekake, pa Miro (bolodi la pa intaneti) kapena pakhoma, n'kusonkhanitsa zofanana. Mupeza mitu itatu mpaka isanu. Uliwonse ukhale ndi umboni wake komanso kukula kwa vutolo: kodi limangochedwetsa munthu, kapena limamusiyitsa kutumiza? Mawu a anthu muwaike m'Chichewa, kumasulira kwake pansi. Zimenezi zimaonetsa luso limene ofunsira ntchito anzanu ambiri alibe.

Tsamba loyamba linene zimene munapeza ndi zimene mukulangiza, m'mizere itatu, chifukwa wowerenga ali ndi ma portfolio ambiri patsogolo pake. Kenako funso, gawo lanu, njira ndi chifukwa chake, zopeza, ndi malire a kafukufukuyo, monga kuti simunacheze ndi olandira ndalama ku Malawi. Nenani poyera kuti munadziyambira nokha, palibe kampani inakutumani. PDF ya masamba 10 mpaka 12 kapena tsamba la pa intaneti la Notion n'zokwanira, ndipo muyese kaye kulitsegula pa foni. Ntchito imene munasainira NDA (pangano losunga chinsinsi) muipemphere chilolezo, muchotse dzina la kampani ndi manambala ake enieni.

Nkhani yachiwiri itsate njira ina kuti isafanane ndi yoyamba. Mwachitsanzo, pemphani okwera Rea Vaya asanu kuti kwa masiku 7 azikutumizirani uthenga wa mawu pa WhatsApp akangotsika basi, kunena momwe analipirira ndi nthawi imene anadikira. Ambiri amatopa pofika tsiku lachitatu, choncho akumbutseni madzulo aliwonse ndipo cholowa chawo muwapatse pamapeto. Nkhani iliyonse muiyeseze kuifotokoza pakamwa m'Chingerezi kwa mphindi 15, chifukwa pa intavyu adzakudulani pakati n'kufunsa chifukwa chimene munasankhira anthu 7 m'malo mwa 70.